Kuyesa Chapakamwa cha Sakisofoni Chokopera Zakale

Chapakamwa chatsopano chikafika, musayambire icho. Tulutsani sakisofoni yanu ya tenala, ikani chapakamwa cha masiku onse ndi kabango kamene munakazolowera, muimbe kwa mphindi 10 kapena 15 mpaka chipangizo chifunde ndi milomo ikhazikike. Kenako ikani foni patebulo, pafupifupi mamita 3 kuchokera pamene mwaima, mujambule kanyimbo kamodzi kamene mumakadziwa bwino. Mawu ojambulidwawo ndiwo muyeso wa zonse zimene zitsatire. Khutu limakomedwa msanga ndi chachilendo, ndipo munthu amene watulutsa ndalama zambiri amafunitsitsa kumva kuti sanataye. Popanda muyeso, mudzamva zimene mtima ukufuna.

Zapakamwa zokopera zinabwera chifukwa cha mtengo wa zenizenizo. Otto Link ankazipanga ku New York kuyambira m'ma 1930. M'ma 1950 ntchitoyo inasamukira ku Pompano Beach, ku Florida, ndipo m'ma 1970 inapita m'manja mwa kampani ya J.J. Babbitt ku Elkhart, m'chigawo cha Indiana. Zimene oimba jazi amazisakasaka kwambiri ndi za zaka za ku Florida zija: Super Tone Master yachitsulo ndi Tone Edge ya labala wolimba, makamaka ija yolembedwa dzina la mwiniwake mopendekeka. John Coltrane ndi Dexter Gordon ankaimbira Link yachitsulo, Stan Getz ya labala. Lero chimodzi chosawonongeka chikhoza kudula kuposa sakisofoni yathunthu ya wophunzira. Ndiye amisiri amatenga chakale chabwino, n'kuchiyeza mkati ndi kunja, n'kupanga china pochiumba m'chikombole kapena pochisema ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta. Mmisiri woona mtima amalembapo dzina lake ndipo amanena poyera kuti watsanzira chakuti. Chimene chalembedwa dzina la Otto Link koma sichinachokere kumeneko n'chachinyengo, ndipo malangizo ano sakunena za chimenecho.

Pali mfundo imene ogulitsa saikonda kuitchula. Zapakamwa zakalezo ankazimalizitsa ndi manja, moti ziwiri zotuluka tsiku limodzi sizinkafanana ndendende, ndipo zambiri zadutsa m'manja mwa okonza pa zaka 60 zapitazi. Chokopera chimatsanzira chimodzi chokha chimene mmisiriyo anali nacho patebulo pake, osati cha Coltrane. Choncho poyesa musafunse ngati mukumveka ngati iye. Funsani ngati chapakamwachi chikugwirizana ndi pakamwa panu, mpweya wanu ndi sakisofoni imene muli nayo m'nyumbamo.

Chitsukeni musanachiike pakamwa, ngakhale chitakhala chatsopano. Madzi akhale ozizira, sopo wamba pang'ono. Madzi otentha ndi mdani wa labala wolimba: amamusandutsa wobiriwira motuwa, amatulutsa fungo la salufa amene anamulimbitsira, ndipo akhoza kupinda malo ogonapo kabango. Mukachipukuta pitani nacho pawindo. Yang'anani timizere tiwiri ta m'mbali timene kabango kamagunda ponjenjemera, tikhale tofanana kukula kwake kuyambira pansi mpaka kunsonga. Nsonga ikhale yosabenthuka. Golide wokutira kunja asakutengeni mtima, paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ntchito yonse ya chapakamwa ili m'timizere timeneti ndi mkati.

Ngati munagwirizana ndi wogulitsa kuti mukhoza kubweza, chitetezeni. Matani kachigamba ka labala pamwamba pamene mano amakhala, ndipo kakasowa, kachidutswa ka tepi yakuda ya magetsi kamagwira ntchito kwa masiku angapo. Chomangira kabango chachitsulo chimakanda, ndiye chansalu kapena chachikopa n'chabwino poyesa. Dziwaninso kuti zapakamwa zachitsulo n'zowonda kuposa za labala, kotero chomangira chanu chakale mwina sichigwira. Funsani zimenezi musanalipire, makamaka ngati katunduyo akubwera ndi m'bale wochokera ku Johannesburg kapena ku London, chifukwa kudikira chomangira chokha kwa miyezi ina iwiri kumawawa.

Tsopano kabango. Apa ndi pamene ambiri amaweruza chapakamwa chabwino molakwa. Kabango kakale kanatengera kale maonekedwe a chapakamwa chakale, ndipo pa chatsopano kamadontha mpweya. Konzani tibango tatsopano tosachepera tinayi, tina ta mphamvu 2½, tina ta 3, mutinyike m'kapu ya madzi kwa mphindi zingapo. Mphamvu yoyenera imadalira mpata umene uli pakati pa nsonga ya kabango ndi nsonga ya chapakamwa. Pa Otto Link ya tenala ya masiku ano, 6* ndi mpata wa 0.095 ya inchi, ndipo 7* ndi 0.105, pafupifupi mamilimita 2.7. Berg Larsen, imene inayambira ku London, amalemba mpatawo mwachindunji, monga 100/2, nambala yachiwiriyo kukhala ya kapangidwe ka mkati. Manambala a kampani ina safanana ndi a inzake, ndiye funsani muyeso weniweni wa inchi kapena mamilimita. Mpata ukakula, kabango kakhale kofewerapo. Munthu wochoka pa chapakamwa cha wophunzira n'kulumphira pa 8 ndi kabango kake komweko ka 3 adzangotupa masaya n'kunena kuti anamubera.

Mukamanga kabango, tsekani kumapeto kwa chapakamwa ndi chikhatho, yamwani mpweya wonse, n'kuchichotsa pakamwa. Kabango kayenera kumamatira kwa kamphindi kenako n'kutseguka kuti phwa. Kakapanda kumamatira yesani kena. Tonse tinayi tikakana, vuto lili pa chapakamwa, ndipo mwapeza kale chifukwa chobwezera.

Pakani mafuta ake pa cork ya pakhosi pa sakisofoni, mugwire khosilo m'dzanja pamene mukupotoza, osafinya kachitsulo ka okitevu. Chikathina kwambiri musakakamize, chifukwa cork ikaphwatalala chapakamwa chanu chakale chidzayamba kugwedera. Chikakhala cholobodoka, kulungani cork ndi kapepala kapena tepi yoyera ya mapulambala.

Yambani kuimba kuchokera pansi, ndiponso motsitsa mawu. Aliyense amafuna kuyamba ndi mawu apamwamba okuwa, koma kukuwa chapakamwa chilichonse chimatha. Dinani C wapansi, B, kenako B flat, muuzire pang'onopang'ono ngati mukuopa kudzutsa mwana. Mawuwo akatuluka osadumphira pamwamba, osabwebweta, ndiye kuti mmisiri anapinda bwino njira ya kabango. Kenako gwirani liwu limodzi la pakati kwa nthawi yaitali, mulikweze mpaka pamene mungathe, mulitsitsenso mpaka litsale mpweya wokha. Mverani ngati pali malo pamene likuduka kapena kulira ngati mluzu. Dutsani kuchokera pa C sharp wa pakati kupita pa D, pamene sakisofoni iliyonse imasintha mtundu wa mawu, muone ngati mpatawo wakula kapena wachepa. Mawu apamwamba odinidwa ndi chikhatho cha kumanzere abwere pomaliza.

Zokopera za mtundu wa Link zimakhala ndi mimba yaikulu mkati, ndipo denga lake la pafupi ndi nsonga, limene amalitcha baffle, silimayandikira kwambiri kabango. Kapangidwe kameneka kamapereka mawu onenepa, akuya, koma kamadya mpweya wambiri. Ngati munazolowera chapakamwa cha denga loyandikira kabango, chimene chimatulutsa mawu akuthwa mosavutikira, tsiku loyamba mudzamva ngati mukuuzira m'mtsuko. Musalume pofuna kubweza kuthwako. Tsegulani kummero ngati mukuyasamula, mpweya uchokere m'mimba. Ine ndimaona kuti kuluma ndiko kumawononga mayeso ambiri kuposa china chilichonse, chifukwa kumatseka mpata umene munalipirira.

Kuti muone ngati mawu akulondola, gwiritsani ntchito pulogalamu ya pafoni yoyezera mawu. Pa tenala, B wodinidwa pamodzi ndi kachitsulo ka okitevu amatulutsa A wa 440. Kankhani kapena kokani chapakamwa mpaka liwulo likhale pamalo pake, mulembe kamzere ka pensulo pa cork. Cha mimba yaikulu kawirikawiri chimafuna kulowa mkati kuposa chimene munazolowera, musadabwe nazo. Mukatero musayang'anenso foni poimba. Tsinzinani, imbani liwu, kenako tsegulani maso muone pamene lagwera. Mukamayang'ana poimba, milomo imakonza yokha cholakwika inu osadziwa. Ngati mawu apansi ali bwino koma apamwamba onse akukwera mopitirira, yambani mwakayikira nsagwada zanu musanakayikire chapakamwa.

Pofananiza mawu a chatsopano ndi a chakale, a m'nyumba amathandiza kuposa katswiri. Woimba samva zimene omvera amamva, chifukwa mawu ambiri amamufika kudzera m'mano ndi m'mafupa a mutu. Pemphani mayi a m'nyumba, bambo kapena mwana wamkulu akhale pampando atakufulatirani, kapena m'chipinda china chitseko chili chotsegula. Imbani kanyimbo kaja ndi chapakamwa chimodzi, kenako ndi chinzake, osanena kuti n'chiti, ndipo musinthesinthe ndondomeko katatu kapena kanayi. Safunika kudziwa jazi. Munthu amene wakumvani mukuphunzira kwa zaka amadziwa mawu anu kuposa inu, ndipo akati "ichi chikulira ngati muli ndi chimfine" mumukhulupirire. Chipinda nachonso chimanama: pabalaza pa simenti ndi denga la malata popanda siling'i, chapakamwa chilichonse chimamveka chachikulu. Yeserani kuchipinda chogona kumene matiresi, makatani ndi zovala zimameza phokoso. Zimene mwajambula mumvere ndi mahedifoni, chifukwa sipika ya foni imataya mawu apansi, amene ndiwo chuma cha tenala. Ndipo anansi auzeni, musankhe masana.

Tsiku limodzi silokwanira. Imbirani chatsopanocho kwa theka la ola tsiku lililonse kwa masiku atatu kapena anayi, muziona ngati mlomo wapansi ukupweteka kapena mpweya ukutha msanga kuposa kale. Mupite nacho kokonzekera ndi gulu lanu, kaya n'kutchalitchi kaya n'kubandi, chifukwa mawu okoma m'chipinda akhoza kumira pakati pa ng'oma ndi kiyibodi. Tsiku lachisanu bwererani ku chakale ndi kabango kake. Mukachiika pakamwa n'kumva mpumulo, ngati munthu wovula nsapato yothina, chatsopanocho chibwerere kwawo.

Mukachisunga, musachikhudze ndi tupa kapena sandipepala, ngakhale mnzanu atalumbira kuti amadziwa. Kuchotsa kachidutswa kopyapyala ngati tsitsi panjira ya kabango kumasintha zonse, ndipo chochotsedwa sichibwerera. Coltrane mwiniwake anafotokoza kuti anapereka chapakamwa chake kuti achikonze, chinabwera chitawonongeka, ndipo kwa kanthawi ankalephera kuimba mothamanga mmene ankafunira. Zinali chakumayambiriro kwa ma 1960, nthawi imene anajambula chimbale cha nyimbo zodekha chotchedwa Ballads.

Mukamaliza kuimba, chotsani kabango mukaike m'kachikwama kake kophwatalala, pukutani mkati mwa chapakamwa ndi kansalu kofewa, muvindikire nsonga. Cha labala musachisiye pawindo kapena m'galimoto yoimikidwa padzuwa la mu Okutobala, ndipo chikhale pamalo pamene mwana wokwawa sangachifikire, chifukwa chikagwa pa simenti chimayambira kubenthuka kunsonga.