Kwa bambo a ku Nsaru, pa za nyumba zalendi

Kalata imene ndikuyankha yachokera ku Nsaru. Bambowa akuti atagulitsa soya anamanga nyumba zitatu zalendi kuseri kwa msika. Vuto n'lakuti amene akukhala m'nyumba imodzi ndi mwana wa alamu awo, ndipo wapyola miyezi inayi osalipira. Akufunsa kuti amutulutse bwanji popanda kudana.

Bambo a ku Nsaru, zoterezi zimawawadi. Koma musakazule chitseko kapena kukasasula malata, mlandu ungakutembenukireni. Itanani alamu anuwo ndi a mfumu, mukhale pansi. Ngati mnyamatayo amadalira ulimi, gwirizanani kuti adzalipire akakolola. Zimenezo zilembedwe papepala, tsiku lake lioneke, onse asaine.

Nanu amene mukumanga ku Namitete poyembekezera anamwino a ku St Gabriel's kapena ophunzira a ku Technical College, yambani ndi chimbudzi chabwino, bafa ndi loko wolimba. Penti abwere pambuyo. Munthu asanalowe, alipiretu mwezi umodzi. Lendi izibwera pa Mpamba kapena pa Airtel Money kuti uthenga ukhale umboni. Za mayunitsi a ESCOM muzigwirizaniranatu, chifukwa mikangano yambiri imayambira pa mita imodzi.