Kodi wogulitsa mapilitsi aja aimbidwe mlandu wakupha?

Aphungu,
Mlongo wanga wamng'ono, yemwe ankapita kunyanja ndi asodzi, anamwalira atamwa mapilitsi pamodzi ndi kachasu. Amene anamugulitsa mapilitsiwo tikumudziwa, ndipo akungoyendayenda ngati palibe chachitika. Anyamata akuti akamutenthere nyumba. Kodi ameneyu si wakupha?
Wolira, Mwaya, Nkhata Bay

Achemwali,

Pepani ndi zovutazi. Musanachite china chilichonse, auzeni anyamatawo atule machesi. Akatentha nyumba, omwe akagone kuchitokosi ndi iwowo, wogulitsayo n'kusanduka wodandaula, ndipo nkhani ya mlongo wanu palibenso amene adzaikumbuke.

Mtima wanu ukuti iyeyo ndi wakupha, ndipo sindikukudabwani. Koma malamulo safunsa zoti ndani anagulitsa basi. Pa gawo 209 la Penal Code, mlandu wakupha mwadala umafuna umboni woti munthuyo ankafuna kupha kapena kuvulaza koopsa, kapenanso ankadziwa kuti zimene akuchitazo zikhoza kupha ndithu. Wogulitsa mapilitsi amafuna ndalama, amafunanso kuti wogulayo abwere mawa. Pokhapokha patapezeka kuti anasakanizamo chiphe akudziwa, kapena anapitiriza kugulitsa atamva kuti zomwezo zapha kale wina, woweruza sangavomere msanga kuti anapha mwadala. Gawo 208, la kupha mosafuna, ndiye lili pafupi ndi nkhani yanu, ndipo si mlandu wamasewera: chilango chake chingafike pokhala kundende moyo wonse.

Ngakhale umenewo suyenda wokha. Ku England, komwe tinatengako malamulo athu ambiri, bwalo la House of Lords linagamula m'chaka cha 2007 pa mlandu wa Kennedy kuti munthu amene anakonzera mnzake jekeseni wa heroin sanaphe, poti mnzakeyo anali wamkulu ndipo anadzibaya yekha mwa kufuna kwake. Ku America nako, pa mlandu wa Burrage mu 2014, bwalo lalikulu linati boma lizisonyeza kuti popanda mankhwala a wogulitsayo, munthuyo sakanafa. Mlongo wanu anamwanso kachasu. Loya wa mbali inayo adzakakamira pomwepo.

N'chifukwa chake zoti chinapha n'chiyani zisachokere pa siwa. Kumbukirani za ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu Januwale 2015, pomwe anthu 75 anafa atamwa mowa wamasese pamaliro. Mphekesera zinali ponseponse kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atayeza anapeza kuti chinali chiphe chochokera ku tizilombo tomwe tinamera mu ufa wofululira mowawo, ndipo mayi wofululayo anali m'gulu la omwalira.

Ndiye mawa pitani kupolisi mukapereke sitetimenti, mulembe dzina la wapolisi amene wakulandirani. Funsani ngati thupi linapimidwa musanaike maliro, ndipo ngati linapimidwa, lipoti lake lili kuti. Mapilitsi otsala, timapepala tomwe anakulungiramo, botolo la kachasu lija, musataye. Foni ya malemu musaipereke kwa ana ayambe kuseweretsa, chifukwa mauthenga ndiponso ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba zimasiya mapazi. Anzake omwe anali naye usiku umenewo alankhuleni mofatsa. Mukawakalipira, athawira ku Mzuzu kapena ku Joni, umboni n'kupita nawo.

Pamenepa ndi pomwe ndimasiyana ndi amene amati aliyense wopereka mankhwala ozunguza bongo aziimbidwa mlandu wakupha. Nthawi zambiri wopatsa mnzake pilitsi si mwini katundu ayi, ndi mnzake womwa naye yemwe anangotumidwa. Akadziwa kuti chingwe chikumudikira, mnzake akayamba kutuluka thovu kukamwa sathamangira naye kuchipatala, amamusiya pamchenga n'kuzimiririka.

Koma wogulitsa wanuyo asapulumuke. Ngakhale mlandu wa imfa utakanika, kugulitsa mankhwala opanda chilolezo ndi mlandu pawokha, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lilipo kaamba ka zomwezi. Ngati mapilitsiwo ali m'gulu la mankhwala oopsa, lamulo la Dangerous Drugs Act limugwiranso. Popita kupolisi tengani amalume kapena amfumu, ndipo mukaona kuti nkhani yagona, bwereraniko mukaonane ndi mkulu wa polisiyo.