Galimoto ya Petulo Kapena ya Magetsi?

Galimoto ya petulo imadalira mafuta ochokera kunja. Ena amabwera pa sitima kuchokera ku doko la Nacala kudzera pa Nayuchi, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zikasowa, mizere imatalika m'malo omwetsera mafuta.

Galimoto ya magetsi situlutsa utsi ndipo sifuna oyilo wa injini, koma ndi yodula pogula. Magetsi ambiri oitchajira amapangidwa pa mtsinje wa Shire: ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, magetsi anavuta kwa chaka chathunthu.

Mitengo ikamathera ku makala m'maboma a Machinga ndi Balaka, matope amakokolokera mu Shire n'kudzaza madamu. Choncho wolakalaka galimoto ya magetsi ayambe wasamala mitengo.