Kutchera Khwekhwe M'nkhalango ya Boma: Lamulo Likuti Chiyani?

Sabata yatha, pa nthawi ya buleki, panabuka mtsutso kuseri kwa kalasi ya Fomu 3. Mnzathu wina amati, "Nkhalango ya boma ndi ya tonse, nanga si makolo athu amakhoma msonkho? Ndiye ndikagwiramo gwape mmodzi ndalakwira ndani?" Ambiri anamuombera m'manja. Koma maganizo amenewa alowetsa kale anthu m'ndende, choncho tiyeni tiione bwino nkhaniyi tisanapite ku holide.

Nkhalango si zofanana. Pali malo osungira nyama zakutchire: mapaki asanu (Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe ndi Lake Malawi) komanso malo ena anayi, omwe ndi Majete, Mwabvi, Nkhotakota ndi Vwaza. Kumeneko amayang'anira ndi a gemu. Pali nkhalango zotetezedwa monga Dzalanyama, Chongoni ndi Zomba-Malosa, zomwe zili m'manja mwa a zankhalango motsatira lamulo la 1997. Palinso nkhalango za m'midzi, zoyang'aniridwa ndi mfumu ndi komiti ya m'mudzi. Amene mukulemba Geography, kusiyana kumeneku kugwireni.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti m'mitundu iwiri yoyambayo mlandu suyamba nyama ikafa ayi. Kungopezeka uli ndi msampha, mkondo, uta, poizoni kapena agalu osakira, wopanda chiphaso, walakwa kale. Zoti "ndimangodutsa" ukazinenera ku khothi. Ndipo chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, wopezeka ndi nyama zotetezedwa kwambiri monga njobvu, chipembere kapena ngaka, ngakhale mamba ake okha, atha kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Wa Fomu 2 lero angatuluke ali ndi imvi.

Nanga n'chifukwa chiyani lamulo likukhwimira chonchi pa kawaya chabe? Agogo athu ankapita ku uzimba, inde, koma uzimba unali ndi nyengo yake, unali ndi woutsogolera, ndipo mlenje ankaiona nyama asanaponye mkondo. Khwekhwe alibe maso. Munthu amapota waya wa buleki ya njinga, n'kumumangirira pamtengo m'njira ya nyama, iye n'kubwerera kwawo. Amafuna gwape, koma chimene chadutsa ndicho chimakodwa: mbawala ya bere, fisi, mwana wa njobvu. Nyama ikamalimbana kuti ithawe, waya amamangitsa n'kumadula mnofu mpaka pafupa. Njobvu ina imapulumuka chitamba chitaduka. Komanso wotchera misampha makumi awiri sakumbukira yonse. Yoiwalikayo imapitiriza kupha, nyama n'kuolera pomwepo, osadyedwa ndi aliyense. Kwa ine apa ndi pamene mtsutso wa mnzathu uja ukugwera: sagwira gwape mmodzi.

Umboni ulipo. Pofika chaka cha 2003, ku Majete kunalibe njobvu, chipembere kapena mkango. Zonse zinali zitatha. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa malowa mogwirizana ndi boma, linachita kubweretsa nyama kuchokera kwina: zipembere mu 2003, njobvu kuyambira 2006, mikango mu 2012. Ku Liwonde, kumene bungweli linayamba ntchito mu 2015, azula misampha ya waya yoposa 30,000. Nyama zinachulukana moti mu 2016 ndi 2017 njobvu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota pa magalimoto.

Tisaname, amene amakhala m'mphepete mwa nkhalango ali ndi madandaulo enieni. Nguluwe zikalowa m'munda wa chinangwa usiku umodzi, banja limalira chaka chonse, ndipo nyama ya pa butchala si onse angaikwanitse. Koma njira yake ndi kukanena kwa mfumu ndi kwa a gemu, osati kutsatira nguluwezo ndi waya mpaka m'kati mwa malire.

Sikutinso zonse n'zoletsedwa. M'malo ambiri midzi yoyandikana ndi nkhalango imachita mgwirizano ndi boma kudzera m'makomiti, ndipo anthu amaloledwa kumweta udzu wofolera, kutola nkhuni zouma, kuzula bowa kapena kupachika ming'oma ya njuchi, pa masiku ndi malo ogwirizana. Zololedwa zimasiyana nkhalango ndi nkhalango, ndiye funsani komiti ya kwanu musanalowe, ndipo chiphaso kapena lisiti muziyenda nalo m'thumba.

Anyamata a mbewa, sindinakuiwaleni. Kukumba mbewa kapena kutchera diwa m'munda mwanu mutakolola palibe amene akukulondani. Vuto ndi machesi. Moto wa mu Seputembala sudziwa pamene munda wathera, ndipo kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa ndi mlandu paokha, ngakhale mutabwerako ndi mbewa ziwiri zokha.

A kalabu ya zachilengedwe tikumana Lachitatu tikaweruka, pansi pa mtengo wa mango. Mnzathu wa msonkho uja walonjeza kuti abwera kudzatsutsa zonsezi.