Mphaka wa Persian: musanamutenge, ganizirani ntchito yake

Lero tikambe za mphaka wa ubweya wautali ndi nkhope yophwatalala, wotchedwa Persian. Dzinali ndi la dziko la Persia, lomwe masiku ano timati Iran. Ndi wokongola ndithu, koma si mlonda wa nkhokwe. Ngati vuto lathu ndi makoswe, mphaka wathu wamba ndiye woyenera.

Ubweya wake umafunika kupesedwa tsiku lililonse. Mukalekerera umapotana, utitiri nkubisalamo, khungu nkuchita zilonda. Maso ake amatuluka misozi pafupipafupi, choncho muziwapukuta ndi kansalu koyera konyowa. Mphuno yake ndi yaifupi, ndiye kutentha kwa kuno kunyanja mu Okutobala kumamuvuta kupuma. Azikhala pamthunzi, madzi akumwa ali pafupi.

Nsomba muzimuphikira ndi kuchotsa minga. Nsomba zaziwisi zokhazokha zimamufoola thupi. Katemera wa chiwewe osaiwala.

Mtumiki (SAW) anatichenjeza za mayi amene analangidwa chifukwa chotsekera mphaka mpaka kufa ndi njala. Chiweto chilichonse chimene tasunga tidzafunsidwa nacho. Ngati nthawi yopesa mulibe, musamutenge.