Wodwala khansa akamatsekula m'mimba: zoyenera kuchita pakhomo

Khansa ikafika poti madokotala akungochepetsa ululu, kutsekula m'mimba kumamaliza wodwala mphamvu msanga, ndipo omusamalira amatopa ndi kuchapa. Zikatero ena amayamba kumumana madzi ndi phala kuti asamadziipitsire pafupipafupi. Musatero. Madzi akatha m'thupi, wodwala amasokonezeka mutu ndipo impso zimafooka.

Musanathamangire kukagula mankhwala oletsa kutsekula, dzifunseni kaye: kodi wodwalayu anachita liti chimbudzi chenicheni? Funsoli n'lofunika kwambiri ngati akumwa mofini, chifukwa mofini amadzimbitsa. Chimbudzi chimauma n'kutseka matumbo, kenako chamadzi chimalambalala chouma chija n'kumangotuluka pang'onopang'ono, mwina mwiniwake osazindikira n'komwe. Pooneka ndi kutsekula, koma kwenikweni ndi kudzimbidwa, ndipo mukamupatsa mankhwala oletsa kutsekula monga loperamide pamenepa mwangowonjezera vuto. Ngati patha masiku atatu osachita chimbudzi chenicheni, mimba ili gwa, pitani naye kwa namwino akamupime ndi kumuthandiza. Mofiniyo musamusiyitse panokha. Ululu ungabwerere mwaukali.

Nthawi zina choyambitsa kutsekula chimakhala mankhwala a khansa, maantibayotiki, kapena mankhwala ofewetsa chimbudzi monga bisacodyl akachuluka. Popita kuchipatala nyamulani mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba, kuti akawaone.

Pakadali pano mumwetseni. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard. Ngati palibe, thirani mu lita imodzi masupuni a tiyi 6 a shuga, osadzaza mwamsonga, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Mupatseni pang'onopang'ono, ngakhale ndi supuni, ndipo otsala muwataye pakatha maola 24. Chakudya chikhale chochepa koma chobwera kangapo: phala la mpunga, nthochi zakupsa, mbatata yophika. Mkaka, zokazinga, nyemba ndi tsabola zidikire kaye.

Chimene ambiri amaiwala ndi khungu. Munthu wowonda wogona pamphasa sachedwa kutuluka zilonda kumatako. Akangodziipitsira, musambitseni ndi madzi ofunda, mupukuteni mogusagusa ndi nsalu yofewa, osakhula, kenako pakani Vaseline. Yalani pepala la pulasitiki pansi, chitenje pamwamba pake. Valani magolovesi, kapena majumbo m'manja, ndipo mukatha sambani ndi sopo. Ana ndi alendo ayambe atuluka, chitseko chitsekedwe. Mayi kapena bambo amene anakulerani amamva manyazi aakulu pa zimenezi, ndiye mawu odandaula asatuluke pamaso pawo.

Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi litatentha, kusanza kosalekeza, kapena tsiku lathunthu latha osakodza, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala chapafupi ndipo mukafunse za achisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, ngati amene ali ku Tiyanjane pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Ndi Moyo ku Salima.