Kuphunzitsa za Malo Amene Ana Sanaŵaonepo: Ulendo wa ku Dziŵe la El Golfo

Kaŵirikaŵiri pa phunziro la Jogalafe timagwa m'vuto limodzi. Mphunzitsi amalemba pabolodi mau akuti "phiri lophulika", ana naloŵeza pamtima. Koma tikaŵafunsa kuti chinthucho nchooneka bwanji, onse amangoti chete. Mwana wotere angathe kukhoza mayeso, koma sanaphunzire kanthu. M'nkhani ino tifuna kusonyeza njira yoŵatengera ana a Sitandade 7 kapena 8 pa ulendo wa m'maganizo, kuti malo akutali aŵaone ndi maso, naŵakhudze ndi manja. Chitsanzo chathu ndi dziŵe lobiriŵira la pa chilumba cha Lanzarote.

Zimene mphunzitsi ayenera kudziŵa

Lanzarote ndi chimodzi mwa zilumba za Canary m'nyanja yamchere ya Atlantic. Chili m'manja mwa dziko la Spain, ngakhale kuti chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 125 okha kuchokera ku gombe la Africa. Chilumba chonsechi chinapangika ndi mapiri ophulika. Kuyambira 1730 mpaka 1736 nthaka inalavula moto ndi chiphalaphala chimene chinakwirira midzi ndi minda, ndipo dera limenelo, lotchedwa Timanfaya, linasanduka malo otetezedwa ndi boma mu 1974.

Mlendo akadutsa m'chipululu cha miyala yakuda imeneyi amafika pa mudzi wa asodzi wa El Golfo, ku gombe la kumadzulo. Pafupi ndi mudziwo pali phiri limene linaphulika pamene chiphalaphala chinakumana ndi madzi a m'nyanja. Mafunde anagumula theka la phirilo, ndipo theka lotsala laima ngati mphika wosweka. M'munsi mwake muli dziŵe lotchedwa Charco de los Clicos. Pakati pa dziŵe ndi nyanja pali gombe la mchenga wakuda, koma madzi a m'nyanja amaloŵa ndithu podzera pansi pa mchengawo. Madzi a dziŵelo ndi amchere, ndipo ndi obiriŵira chifukwa cha ndere zazing'ono kwambiri zimene zimakhala m'menemo. Alendo saloledwa kusambamo. Amangoima patali ndi kuyang'ana.

Zipangizo

Tikonzeretu mapu a Africa, beseni lalikulu, mchenga wonyowa, kathabwa, ndowa ya madzi, ndi botolo la madzi a ndere otunga padambo.

Kaphunzitsidwe

Choyamba, tiyambire pa zimene ana adziŵa kale. Tiŵafunse za Likoma, kuti amvetse tanthauzo la chilumba. Tiŵakumbutse za Chia ku Nkhotakota, dziŵe lalikulu limene lili pambali pa nyanja ya Malaŵi ndipo limalumikizana nayo. Tsono tinene kuti lero tipita kukaona dziŵe lina la m'mbali mwa nyanja, koma lobadwa ndi moto.

Chachiŵiri, mwana mmodzi aloze pamapu njira yochokera kwathu kuno kukafika ku Canary, anzake akutchula maiko amene chala chake chikudutsamo. Mphunzitsi afotokoze zimene mlendo aona pofika: miyala yakuda, phiri losweka, madzi obiriŵira. Chifukwa chake asachinene. Apa ndi pamene ambiri a ife timafulumira, nkuŵalanda ana ntchito yao yoganiza.

Chachitatu, tituluke panja m'magulu. Gulu lililonse liumbe phiri la mchenga m'beseni ndi kukumba dzenje pakati pake mpaka pansi. Athire madzi pang'onopang'ono mozungulira phirilo, kenaka ayambitse mafunde ndi kathabwa mbali imodzi yokha. Ana adzaona okha zinthu zitatu: khoma la mbaliyo likugumuka, mchenga wogumukawo ukuyalana ngati gombe, ndi madzi akutulukira m'dzenje muja ngakhale palibe wathiramo. Gulu lina phiri lao lidzagwa lonse. Tisaŵakalipire, tiŵafunse chimene chachititsa, pakuti yankho lao ndi phunziro lomwelo.

Chachinayi, tionetse botolo la ndere lija ndi kuŵasiya ana apeze okha chimene chimabiriŵiritsa madzi a ku El Golfo.

Mafunso oyesera

1. Kodi madzi a m'dziŵe la El Golfo amachokera kuti, popeza mtsinje woloŵamo palibe?
2. Dziŵe limeneli likufanana bwanji ndi Chia, nanga likusiyana nalo bwanji?
3. Muganiza kuti nchifukwa ninji alendo saloledwa kusambamo?

Mafunso otere sayankhika ndi mwana amene wangoloŵeza mau. Nchifukwa chake tilangiza kuti maina achilendo, monga Timanfaya ndi Charco de los Clicos, alembedwe pabolodi pomalizira penipeni, ana ataona kale zinthu zimene mainawo akuimira. Mwana akaiŵala dzina, adzalipeza m'buku. Koma ngati sanamvetse mmene moto ndi mafunde zimaumbira dziko, buku silingamthandize. Njira yomweyi tingaigwiritse ntchito pophunzitsa za zipululu, madzi oundana, ndi malo ena onse amene ife eni, pamodzi ndi ana athu, sitinafikeko.